MUMFUNSE AKALI KULANKHULA

Abale anga a ku migodi, nkhani imene ndifuna kukamba nanu sabata ino si yokondweretsa, ndipo ndidziwa kuti ena adzang'amba tsamba lino msanga kuti apichirire fodya. Komabe ndipempha kuti muyambe mwawerenga. Ndi nkhani ya munthu amene matenda ake akana mankhwala, ndi ya anamwino ndi madokotala amene ayenera kuphunzitsidwa kumfunsa munthu wotere chimene afuna, akali ndi nzeru zake ndi lilime lake.

Ine ndine kalaliki pa mgodi wina wa golide kufupi ndi Harare. Sukulu ndinalekeza Sitandade 8 pa mishoni kwathu ku Dedza, ndipo kuno anandiitana ndi malume anga a ku Mabvuku. Ntchito yanga ndi ya mabuku: matikiti, masiku a tchuthi, ndi maina a anthu olowa ntchito. Pa pepala lolembera munthu watsopano pali mzere umodzi wofunsa dzina la mbale woti adziwitsidwe pakagwa ngozi. Mzere umenewu anthu auyankha mofulumira ngati afunsidwa nambala ya jombo. Wina atchula mkazi amene analekana naye kalekale, wina atchula mbale wa ku Mangochi wopanda foni. Tsono ngakhale dzinalo likhale labwino, ntchito yake ndi yonyamula uthenga basi. Palibe mzere wofunsa kuti, "Ukadwala kufikira sungathe kuyankha, adzakuyankhira ndani, ndipo adzanena chiyani?"

Ife a ku Malawi okhala m'dziko lino tidziwika ndi mabungwe a maliro. Makolo athu amene anadza ndi Mthandizi, ndi ena amene anayenda pansi kudzera ku Tete, anaona kuti mlendo alibe womuika, chotero anayamba kusonkha ndalama mwezi ndi mwezi, ku migodi, ku mafamu, ndi m'malokesheni monga Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara. Munthu akafa bokosi lipezeka, ufa wa pamaliro upezeka, ndi galimoto yomwe yopita ku manda a Granville, kumene anthu ati ku Mbudzi. Za mtembo tinakonza bwino ndithu, ndipo eni dziko atiyamika pa chimenechi. Koma za miyezi iwiri kapena itatu imene munthu ali gone, asanakhale mtembo, palibe chimene tinakonza.

Ndipo kwa ife nkhaniyi ilemera koposa. Mshona akadwala kwambiri abale ake amtengera ku mudzi kwawo, kumene iwo ati kumusha, nakafera pakati pa anthu ake. Ife ambiri tilibe mudzi m'dziko lino. Kwathu kuli patali makilomita ngati 600 kukafika ku Blantyre, ndipo pali malire awiri: utuluka pa Nyamapanda, uwoloka Zambezi pa Tete, nulowa Malawi pa Mwanza. Munthu wamoyo ulendo umenewu autha tsiku limodzi pa mpando wa basi. Mtembo ufuna makalata ambiri a boma, mankhwala oumitsira, ndi galimoto yakeyake, ndipo ndalama zake banja losauka silingazipeze. Chotero munthu akauzidwa zoona nthawi ikalipo, angathe kusankha kupita kwawo ndi miyendo yake. Akabisiridwa, amsankhira ndi ena.

Tisanamizane, ambiri a ife matenda otsiriza tidzawatenga pa ntchito pomwe. Fumbi la mwala limene munthu apuma poboola likhala m'mapapo, niliwaumitsa pang'ono pang'ono. Madokotala matenda amenewa awatcha silicosis. Alibe mankhwala ochiritsa, ndipo kawirikawiri aoneka patapita zaka 10 kapena 20, munthu atasiya kale ntchito. Atsegulanso khomo la chifuwa chachikulu. Chifuwa chachikulu chichiritsika munthu akamwa mankhwala ake mpaka kutha, koma mapapo amene anauma ndi fumbi sabwerera. Si imfa ya mwala wogwa mwadzidzidzi ayi. Ibwera ili kuoneka patali, ndipo ipatsa munthu nthawi yolankhula, ngati pali womfunsa.

M'chaka cha 2022 anadwala mkulu wina wa ku Tafara, bwenzi la malume anga. Anachoka ku Ntcheu akali mnyamata, nagwira mchini pansi zaka zoposa 20. Anzake a pa bawo onse anadziwa kuti anali ndi ndalama m'chitini za ulendo wokafera kwawo. Befu atakula, ana ake anamtengera ku chipatala china cha mumzinda. Dokotala anaona chithunzi cha m'chifuwa, naitanira anawo pa khonde, nawauza kuti palibenso chochita. Mwini chifuwa sanauzidwe. Ana, chifukwa chomkonda, anapangana kubisa, ndipo masiku onse anati, "Muchira, baba." Mkuluyo anayesa kufunsa namwino m'Chishona chake chothyokathyoka, ndipo yankho linali lakuti, "Imwani mankhwala, sekuru." Masabata 5 amene akadatha kukwera basi anathera pa bedi, ndipo za m'chitini zinathera ku mankhwala ogula ndi galimoto za hayala. Pamene anazindikira yekha, miyendo inali itatupa, ndipo ulendo unali wosatheka. Anamwalira usiku, nthawi imene alendo saloledwa m'wodi.

Pa maliro panali phokoso lochititsa manyazi. Mwana wa mlongo wake, amene anadza kuchokera ku Ntcheu, anati mtembo upite kumudzi, pakuti ndiwo mawu amene malume ake anasiya. Ana anati ayi, bambo anasintha maganizo. Aliyense anati, "Anandiuza ine." Pepala panalibe, mboni panalibe, ndipo mpaka lero mabanja awiriwo salemberana.

Sindinena kuti anamwino aja anali ouma mtima. Namwino mmodzi asunga odwala ambiri usiku wonse, pakuti anzake ochuluka anapita ku England ndi ku maiko ena kukafuna malipiro abwino. Anaphunzitsidwa kubaya jekeseni, kuika diripi, ndi kuwerenga kutentha kwa thupi, ndipo zimenezi azichita bwino. Koma kukhala pansi pambali pa bedi ndi kuuza munthu kuti matenda ake sadzatha ndi luso lina, ndipo munthu sabadwa nalo. Amene sanaliphunzire achita mantha, nathawira ku mawu akuti "imwani mankhwala."

Maiko ena anayamba kale kukonza zimenezi. Ku America loya wina dzina lake Luis Kutner analemba m'chaka cha 1969 kuti munthu akhale ndi kalata yoneneratu za chithandizo chimene afuna ndi chimene akana, kuti idzamlankhulire tsiku limene iye sadzatha kulankhula. Boma la California linaika zimenezi m'lamulo mu 1976, ndipo mu 1990 dziko lonse la America linalamula kuti zipatala zolandira ndalama za boma zizifunsa wodwala polowa ngati ali nayo kalata yotere. Ku England lamulo lake linadza mu 2005. Pa Chingerezi kalatayi aitcha advance directive.

Pano ndifuna mumvetse bwino, pakuti ambiri asokoneza. Kalatayi si wilu. Wilu inena za nyumba, njinga ndi ndalama, ndipo iyamba ntchito munthu atafa. Kalata yoneneratu inena za thupi la munthu akali moyo: ndani adzamyankhire akakomoka, ngati afuna kuikidwa pa makina opumira, ngati afuna kudinikizidwa pachifuwa mtima ukaima pamene matenda afika kale pa mapeto, ngati afuna kutsirizira kunyumba kapena ku chipatala. Sikupempha dokotala kuti aphe munthu ayi, pakuti umenewo ndi mlandu. Ndipo mwini wake angathe kuisintha tsiku lililonse. Inu nonse mwaona khadi limene a Mboni za Yehova ayenda nalo m'thumba, lonena kuti safuna kuikidwa magazi. Kaya mugwirizana nawo kaya ayi, khadi limenelo ndiyo kalata yoneneratu, ndipo dokotala akaliona adziwa mtima wa mwini wake.

Komatu musayese kuti nzeru zimenezi zili kutsidya kwa nyanja kokha. Mu Harare momwe muno ndimo munayambira bungwe loyamba mu Africa losamala odwala amene sadzachira. Dzina lake ndi Island Hospice, ndipo analiyambitsa mayi Maureen Butterfield mu 1979, mzindawu ukali kutchedwa Salisbury, mwana wawo wamkazi atamwalira ndi khansa. Iwo anatsata njira ya Dr. Cicely Saunders, amene anatsegula St Christopher's Hospice ku London mu 1967. Dr. Saunders anayamba ngati namwino asanakhale dokotala, ndipo anaphunzitsa kuti ululu wa munthu wakufa suli m'thupi mokha, ulinso m'nkhawa za ana, za ngongole, ndi za Mulungu. Anaphunzitsanso kuti mankhwala a ululu aperekedwe pa nthawi yake, osadikira kuti wodwala ayambe wakuwa. A Island Hospice ayendera odwala m'nyumba zawo, ndipo aphunzitsa anamwino, madokotala, ndi anthu wamba osamala odwala.

M'chaka cha 2014 msonkhano waukulu wa maiko onse wa za umoyo ku Geneva unagwirizana kuti chisamaliro chimenechi chilowe m'maphunziro a onse ogwira ntchito za chipatala, ndipo chaka chomwecho boma la Zimbabwe linatulutsa ndondomeko yake. Ku Uganda anapita patsogolo kale mu 2004, polola anamwino ophunzitsidwa kulembera odwala mankhwala a morphine, chifukwa madokotala ndi ochepa. Zonsezi n'zabwino. Koma ife a ku migodi tidziwa kuti malamulo opachikidwa pa khoma la pa shafuti sagwira mwala. Agwira mwala ndi munthu amene anaphunzitsidwa kugogoda denga ndi chitsulo, namva ndi khutu lake ngati lili lolimba. Chomwechonso ndondomeko ya boma ifika pa bedi la wodwala pokhapokha namwino wa pa kiliniki ya ku lokesheni ataiphunzira ndi kuizolowera.

Ndikadakhala ndi mpata wolankhula kwa aphunzitsi a anamwino, ndikadawapempha kuti aonjezepo phunziro la za ife alendo. Choyamba ndi chilankhulo. Munthu angakhale zaka 50 mu Harare nagula ndi kugulitsa m'Chishona, koma akadwala kwambiri abwerera ku lilime la amake. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 atchula zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo Chichewa chili m'gulumo, ndiponso ndicho choyamba pa mndandanda. Tsono si chipongwe wodwala akapempha womasulira. Koma womasulirayo asakhale mwana wamng'ono, ndipo asakhale munthu amene ali ndi diso pa nyumba ya wodwalayo.

Chachiwiri, chimene chisokoneza kwambiri, ndi cha ubale. Kwa Ashona mwana ali wa kwa bambo, chotero namwino akafuna munthu wamkulu wa pa banja afunsa za achimwene a bambo kapena mwana wamwamuna woyamba. Kwa Achewa ndi Ayao sizili tero. Ife titsata kwa amayi, ndipo mwini mbumba ndiye malume. Munthu wamwamuna akadwala, mawu a mlongo wake ndi a ana a mlongo wakeyo alemera, ngakhale ali ku Dedza kapena ku Machinga. Koma ana amene anabadwira ku Mufakose, amayi awo ali Mshona, anakula ndi mwambo winawo. Taonani tsono, pa bedi limodzi pakumana miyambo iwiri, ndipo yonse ili ndi mphamvu. Namwino sangathe kuweruza mlandu umenewu, ndipo si ntchito yake. Chimene angathe ndi kufunsa mwini wake akali kulankhula kuti, "Pa abale anu onse, ndimvere ndani?" ndi kulemba dzinalo pa khadi. Afunsenso za chipembedzo, pakuti Myao wa Chisilamu afuna shehe pafupi ndi kuikidwa msanga, wa Katolika afuna wansembe, ndipo wa ku dambwe afuna anzake adziwitsidwe.

Ndinaona ndi maso anga kusiyana kwake pamene malume anga anadwala mu 2024. Iwonso anali a pansi, ndipo matenda anali omwewo. Koma namwino wa pa kiliniki ya kufupi ndi kwathu, mayi wachikulire wa Chishona, anali atachita maphunziro amene ndanenawa. Anadza kunyumba Loweruka masana, ine ndilipo. Sanaime pa khomo ndi chikwama m'manja. Anapempha mpando, nakhala pafupi, nafunsa za chakudya ndi za tulo. Pambuyo pake anati, "Sekuru, inu mwini muona bwanji za matendawa?" Ine ndinamasulira, ngakhale malume anamva.

Malume anakhala chete nthawi yaitali, ndipo mayi uja sanawafulumize. Kenaka anati, "Ndinaona anzanga atatu ndi chifuwa chimenechi. Ndidziwa kumene chipita."

"Kodi mufuna ndikuuzeni zonse zimene dokotala anaona, kapena ndiuze wina wa pa banja?"

"Uzani ine. Chifuwa n'changa."

Anawauza, m'mawu ochepa ndi osabisa, kuti mapapo sadzabwerera, koma kuti befu ndi ululu zingathe kuchepetsedwa. Mwana wawo wamkazi anayamba kulira, nati nkhani yotere n'kulodza munthu. Mawu amenewa ndawamva kwa anthu ambiri, kuti kutchula imfa n'kuiitana. Malume anamyang'ana nati, "Mwanawe, ndalipira bungwe la maliro zaka 30. Ngati kukonzekera n'kudzilodza, bwenzi nditafa kale." Ndipo ine ndinakumbuka zimene tinaphunzira ku mishoni, kuti Yakobo, amene anali mlendo ku Igupto, anaitana Yosefe akali moyo namlumbiritsa za kumene adzaikidwe, ndipo Yosefe nayenso anasiya mawu za mafupa ake. Palibe amene anati analodzedwa. Ngakhale makolo athu, munthu wamkulu akaona kuti mphamvu zatha, anali kuitana mbumba ndi kusiya mawu. Chachilendo ndi pepala lokha, ndipo pepala lifunika chifukwa mbumba yathu inamwazika m'maiko atatu.

Malume anandiuza kuti, "Iwe ndiwe kalaliki, tenga cholembera." Tonse tinayesa kuti adzanena za ulendo wa ku Dedza, pakuti anali kuutchula chaka ndi chaka. Koma anati ayi. Anati kumudzi anachokako mu 1968, amene anawadziwa anatha, ndipo safuna kukakhala katundu pa khonde la adzukulu osawadziwa. Afuna kuikidwa ku Mabvuku komwe, kumene kuli akazi awo. Chimene anapempha ndi chakuti mlongo wawo, ndiwo amayi anga, aimbiridwe foni sabata yomweyo, kuti atsazikane mawu akali kumveka. Anati befu akadzakula usiku asadzathamangitsidwe ndi galimoto ya hayala kupita ku chipatala, ndipo makina opumira sawafuna. Anati ndalama za sukulu za mdzukulu wawo zisakhudzidwe chifukwa cha iwo. Owayankhira anatchula awiri, mwana wawo wamkazi ndi ine, kuti mbali zonse ziwiri zikhalepo. Anasaina, namwino anasaina, ndi mkulu wa mpingo wawo anasainanso ngati mboni. Pepala lina linapita ku kiliniki, lina linakhala m'Baibulo mwawo, ndipo lachitatu ndinalijambula pa foni ndi kutumiza ku Dedza.

Patapita mwezi anasintha chinthu chimodzi. Poyamba anakana morphine, poti anamva kuti ndi mankhwala otsirizira munthu. Namwino anawafotokozera kuti akaperekedwa pang'ono pang'ono, pa muyeso wake, maora 4 aliwonse, achepetsa ululu ndi befu ndipo sapha. Ataona usiku wina wovuta anavomera, ndipo tinalemba pansi pa pepala lomwelo ndi tsiku lake. Anakhala miyezi 3 ina, anasewera bawo pa khonde masiku amene anapeza bwino, ndipo anamwalira m'nyumba mwawo m'mawa, mwana wawo ali pambali. Amayi anga anafika ndi basi tsiku lotsatira. Wina wa kumudzi atayamba kufunsa chifukwa chake mtembo sunapite, amayi anangotulutsa foni.

Tsono inu anzanga, musadikire kuti anamwino onse aphunzire. Safunsa anadya phula. Amene auzidwa pa kuyezedwa kwa chaka kuti chithunzi chake chili ndi mawanga, afunse dokotala maso ndi maso kuti, "Kodi zimenezi zichira?" ndipo atenge mnzake womva Chingerezi. Ndipo monga pa mgodi tiphunzira fesiteidi mwala usanagwe, ndikhulupirira kuti ogwira ntchito pa makiliniki a migodi ndiwo ayenera kukhala oyamba kutumizidwa ku maphunziro amenewa, pakuti iwo ndiwo aona chifuwa chathu chikali kuyamba.

Chinthu chimodzi chatsala, cha inu amene muli ku Joni kapena munagwirako kale. Lamulo la South Africa la 1973 la matenda a m'migodi lilola kuti munthu wa pa mgodi akamwalira, mtima ndi mapapo ake ziyezedwe ndi madokotala a boma ku Johannesburg, ndipo akapeza matenda a fumbi banja lake lingathe kulandira chipukuta misozi. Koma sachita zimenezi popanda chilolezo cha abale, ndipo abale ambiri akana chifukwa chodzidzimuka, poganiza kuti wakufayo sakadafuna kudulidwa. Ngati inu mufuna, nenani tsopano ndi kulemba. Ngati simufuna, nenaninso. Palinso Tshiamiso Trust, imene inakhazikitsidwa pambuyo pa mgwirizano wa 2018 wa ndalama zokwana R5 biliyoni, yolipira amene anadwala silicosis kapena chifuwa chachikulu pa migodi ina ya golide ya kumeneko pakati pa 1965 ndi 2019, pamodzi ndi amasiye awo. Kumeneko afuna nambala ya ntchito ndi makalata a ku chipatala, chotero uzani womyankhira wanu sutikesi imene muli makalatawo, ndi kumene kuli kiyi wake.

Moni kwa onse a ku Shamva, Bindura, Chakari ndi Kadoma.